Zikomo nonse, pulani yathu yadutsa ku ADC

Abale anga, zatheka. Dzulo ADC, komiti ya chitukuko ya dera lathu lonse, yavomereza pulani ya chitukuko cha midzi yathu kuno kwa Kunthembwe, ndipo nkhani ya madzi ndi nthaka ili pamwamba penipeni. Mawu andithera, mapazi atupa, koma Ambuye alemekezeke.

Kumene tachokera mukukudziwa. Namondwe Freddy mu 2023 anatikokolera nthaka n'kutisiyira zigwembe. Tisanapume, ng'amba ya 2024 inawotcha chimanga chisanabereke, mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, Blantyre momwemo. Komabe tikakhala pa VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kulemba zosowa za mudzi, zinkatuluka ndi zomwe zija: mlatho, buloko ya sukulu, msewu. N'zofunika, sindikukana. Koma mwana wogona ndi njala akaphunzira bwanji m'bulokomo?

Amayi alangizi athu a zaulimi, ndikuthokozeni bwanji ine? Ndinu munaumirira kuti chosalembedwa mu pulani ku khonsolo sachidziwa, ndipo ndalama sichingaione. Munkafika pa njinga yakapalasa dzuwa lili paliwombo, chitenje chili fumbi lokhalokha, n'kugwira nafe chingwe poyeza akalozera. Swale yoyamba, ngalande yosunga madzi a mvula m'munda, munalowamo nokha ndi khasu. Mvula itagwa, madzi anaima m'menemo osathamangira kumtsinje, ndipo agogo ena amene ankati tikuwononga munda anangogwira pakamwa. Manyowa a Mbeya mwatiphunzitsa ndinu: ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono, kumanga m'thumba masiku 21. Tsopano zonsezi zalembedwa, pamodzi ndi vetiva, kusamala mphukira za mitengo, mbewu ya mapira, nandolo ndi mbatata, komanso mjigo wa kudimba.

Zikomo agulupu ndi anyakwawa potipatsa bwalo. Zikomo achinyamata amene munasenza miyala yotchingira chigwembe cha kuseri kwa tchalitchi osafunsa kanthu. Amene munkayamba mwafunsa ngati pali alawansi, mukamva kuti palibe n'kudwala mutu, takuonani. Madziwo akadzakhazikika m'dimba sitidzakubwezani.

Koma mayi mlangizi inu! Tsiku lija mwana wanu ali m'chipatala munatumizabe mapepala athu pa kabaza kuti tisaphonye msonkhano. Mulungu akudalitseni, akusungireni ana anu, akuonjezereni mphamvu.

Pulaniyi tsopano ikupita ku khonsolo, tiziipempherera kuti ikalowe mu pulani ya boma lonse la Blantyre. Loweruka m'mamawa tikumane pa chigwembe chija, aliyense ndi khasu lake.