Hatchi ya kwa Tess ndi ng'ombe ya malume anga

Malume anga anali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, yakuda ndi yamawanga. Ngoloyo ndiyo inkadyetsa banja: kututa chimanga cha anthu, njerwa, mchenga, nthawi zina ngakhale wodwala pakati pa usiku. Chaka china mvula itangoyamba, yamawanga ija inatupa mimba m'mawa, dzuwa lisanalowe inali itafa. Yakuda yokha sikanatha kukoka ngolo. Teremu yotsatira msuweni wanga, amene tinali naye kalasi imodzi ku sekondale, sanabwererenso kusukulu, ndipo chaka chisanathe anakwatiwa. M'mudzi ankati ndi minyama, ena ankanong'ona kuti pali dzanja la munthu. Agogo ankangopukusa mutu n'kumati mvula ikakuona litsiro siikata.

Patapita zaka ndinagula buku lopanda chikuto chakumbuyo kwa mnyamata wina woyala mabuku m'mbali mwa msewu ku Limbe. Linali Tess of the d'Urbervilles la Thomas Hardy, lomwe linatuluka mu 1891. Ndinaligula chifukwa chotchipa basi, kunena zoona. Koma nditafika pamene hatchi imafa, ndinaliika pansi kaye.

Nkhani yake ili chonchi. Bambo ake a Tess, John Durbeyfield, auzidwa ndi m'busa wina kuti makolo awo akale anali anthu apamwamba, ndiye mwachimwemwe akukhuta mowa mpaka kulephera kudzuka. Koma ming'oma ya njuchi iyenera kukafika kumsika ku Casterbridge m'mamawa. Tess anyamuka usiku pangolo ndi kamlongo kake Abraham. Onse awiri agona tulo m'njira, nyali yazima, ndipo ngolo ya makalata yothamanga iwomba hatchi yawo Prince, mtengo wosongoka wa kutsogolo kwake n'kuibaya pachifuwa. Tess ayesa kutseka bala ndi dzanja, magazi angomuthovukira thupi lonse. Chimene chinandiseketsa, ngakhale si zoseketsa, n'chakuti bambo aja anakana kugulitsa mtembo wa hatchiyo chifukwa chodzimva ufumu, n'kukumba manda ake ndi khama loposa limene anali atagwira nalo ntchito m'munda kwa miyezi.

Zonse zotsatira zikuchokera pamenepo. Tess akudziona wolakwa, ndiye avomera kupita kwa anthu olemera a ku Trantridge amene mayi ake akuti ndi achibale. Kumeneko Alec, mwana wamwamuna wa pabanjapo, amuchita zachipongwe, abwerako ndi pakati, mwana amwalira ali khanda. Owerenga ambiri amati Hardy ankakhulupirira kuti munthu amabadwa ndi tsoka lake, ndipo n'zoona kuti amakonda kutchera misampha yangozi. Ina imachita kunyanya moti umaona dzanja la wolemba likukankha. Komabe ine ndikawerenga ndimaona kuti ngoziyo payokha ndi yaing'ono. Hatchi zimafa tsiku lililonse. Banja lokhala ndi hatchi zitatu likanalira tsiku limodzi n'kuiwala. Kwa a Durbeyfield inali imodzi yokha, bambo anali chidakwa, ndipo munthu woti alipire anali mtsikana.

Chimodzimodzi kalata ija. Tess asanakwatiwe ndi Angel Clare, alemba zonse zimene zinamuchitikira n'kulowetsa kalatayo pansi pa chitseko cha chipinda chake. Kalata ilowa kunsi kwa kapeti, Angel osaiona. Tsoka limenelo, inde. Koma usiku wa ukwati Angel aulula yekha kuti anakhalapo ndi mkazi wina ku London, Tess amukhululukira pomwepo, kenako naye aulula zake, ndipo bamboyo auma mtima n'kumusiya, ulendo wa ku Brazil. Kodi pamenepa kapeti yalakwa chiyani? Ndimamuda Angel kuposa Alec, ndipo ndikudziwa kuti ena mukana. Alec ndi fisi wooneka ndi maso. Angel ndi munthu wophunzira, waulemu, amene amadziyesa womasuka maganizo mpaka tsiku limene kumasukako kunafuna kuti alipirepo kanthu.

Buku la Chinua Achebe, Things Fall Apart, la mu 1958, limafunsa funso lomweli poyera. Kwa Aigbo a ku Nigeria munthu aliyense ali ndi chi wake, ngati mulungu wakewake amene amayenda naye. Za Unoka, bambo ake a Okonkwo mwini nkhaniyo, anthu ankati chi wawo anali woipa: ngongole thoo, ndipo anadwala matenda otupa, n'kukasiyidwa kunkhalango kuti akafere komweko osaikidwa m'manda. Koma atapita kukaombeza chifukwa chimene zokolola zawo zinkakanikira, wansembe wamkazi anawauza mosapsatira kuti sanalakwire mzimu uliwonse, vuto ndi ulesi, apite akagwire ntchito. Achebe salola kuti mawu akuti tsoka akhale pobisalira.

Okonkwo naye linamugwera lenileni. Chaka choyamba kulima anabwereka mbewu ya zilazi 800 kwa munthu wina wolemera, Nwakibie, ndipo chinali chaka choipitsitsa: chilala choyamba, kenako mvula yosalekeza. Mlimi wina anadzimangirira. Okonkwo anapirira. Lachiwiri linabwera pamaliro a Ezeudu, mkulu wina wa m'mudzimo, mfuti ya Okonkwo itaphulika, chitsulo n'kulasa mwana wa malemuyo wa zaka 16. Palibe anamuganizira kuti wachita dala, koma lamulo linati achoke kwa zaka 7, ndipo anathawira kwawo kwa mayi ake ku Mbanta. M'mawa mwake anthu anabwera kudzatentha nyumba zake ndi kupha ziweto, mnzake wapamtima Obierika ali m'gulu lomwelo. Atamaliza, Obierika anakhala pansi n'kumadzifunsa chifukwa chake munthu azunzike chotere pa chinthu chimene sanachifune, ndipo anakumbukira ana ake amapasa amene anawataya chifukwa mwambo unatero. Ndime imeneyi ndimaibwereza kawirikawiri. Mfuti inaphulika yokha, koma zaka 7 zija anaziwerenga ndi anthu.

Pakati pa matsoka awiriwa pali imfa ya Ikemefuna, mnyamata amene ankamutcha Okonkwo kuti bambo, koma mudzi unagamula kuti aphedwe. Ezeudu yemwe uja anachita kubwera kudzachenjeza Okonkwo kuti asaikepo dzanja. Iye anamutema ndi chikwanje poopa kuti anzake amuona ngati wofooka. Apa palibe chi, palibe kapeti, palibe nyali yozima. Ndimaganiza kuti Achebe anasankha dala kuti mwana wofa pamaliro paja akhale wa munthu amene anapereka chenjezolo, kuti wowerenga avutike kusiyanitsa ngozi ndi chilango.

Za Santiago, nkhalamba yosodza nsomba ya m'buku la Ernest Hemingway, The Old Man and the Sea, sindinenapo zambiri, kupatula ichi: itatha masiku 40 osapha nsomba, makolo a mnyamata amene inkayenda naye anamuchotsa m'bwato lake kuti akakwere la amwayi. Inatsala yokha, n'kufika masiku 84 osapha nsomba. Aliyense amene anaonapo mmene anthu amatalikira munthu amene akuti ali ndi minyama, ngati ndi chifuwa chopatsirana, sangadabwe nazo.

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi kumaliro, ndipo madzulo tinakhala pakhonde ndi msuweni wanga uja tikutongola chimanga. Pano ali ndi ana asanu, amagulitsa tomato ndi mafuta oyezera pamsika. Ngolo ija ikadalipo kuseri kwa nkhokwe, matayala anaphwa kalekale, nkhuku zimaikiramo mazira. Ndinamufotokozera za Tess, hatchi, magazi, kalata, mpaka pamene amamugwira ku Stonehenge n'kukamunyonga chifukwa chopha Alec. Ndinati nkhaniyi imandikumbutsa ng'ombe yamawanga ija, mmene inamuchotsera sukulu.

Anaseka pang'ono, osasiya kutongola.

"Asuweni, inu mumati ndi ng'ombe? Nanga achimwene anamaliza bwanji Folomu 4? Yakuda ija anaigulitsa, ndalama yake inakwanira munthu mmodzi."

Anakankhira lichero kwa ine kuti nditsanulire m'thumba, n'kuitana mwana wake wamkazi kuti abweretse nyali.