PS4 yongokhala m'kabati: muigulitse kapena muisunge?

Ambiri amaganiza kuti PlayStation 4 (PS4), makina osewerera magemu a pa TV, ikazimitsidwa n'kuikidwa m'kabati ndiye kuti yasungika. Zoona zake n'zakuti imakalamba ili chikhalire, mtengo wake n'kumatsika. Inatuluka mu 2013, ya Slim ndi ya Pro zinabwera mu 2016, ndipo chifikireni PlayStation 5 (PS5) mu 2020 magemu ena akuluakulu atsopano akhala akuilambalala. Ngati muli kale ndi PS5 yolowa disiki, palibe choti mudikire. Imasewera pafupifupi magemu onse a PS4, choncho gulitsani makina akalewo, madisiki musunge.

Chimayamba kufa ndi padi, chogwira m'manja posewera. Batire yake ikakhala miyezi yambiri osatchajidwa imafooka, mwina mpaka kukaniratu kulowa moto. Eni Nintendo Switch, makina ena a magemu, amauzidwa ndi kampani yawo kuti azitchaja kamodzi pa miyezi 6 iliyonse, ndipo malangizo amenewa ndi abwinonso pa padi ya PS4. Mapadi a Xbox ali ndi vuto lina: mabatire a AA akaiwalika m'katimo amachucha n'kudya tizitsulo tomwe amakhudzana nato.

M'makinamo adani ndi atatu: fumbi, chinyezi cha m'dzinja, ndi mphemvu. Mphemvu zimalowera m'timabowo ta mpweya n'kukamanga mudzi m'chigawo cholandira magetsi, pomwe pali mdima komanso pofunda, ndipo tsiku lomwe mudzayatse mungangomva kuti phwa! Fumbi limatseka njira ya mpweya, thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha) ya pa purosesa imauma, fani n'kuyamba kulira ngati ndege. Palinso kabatire ka CR2032 kosunga nthawi. Kale kakatha magemu ankakana kutseguka popanda intaneti, koma Sony anakonza zimenezi mu 2021 ndi pulogalamu ya 9.00.

Ndiye dzifunseni moona mtima: ndi gemu iti, dzina lake, yomwe mudzasewere mwezi uno? Ngati yankho likuvuta ndipo patha theka la chaka osaigwira, igulitseni ikugwirabe ntchito. Yakufa amagula ndi amisiri ofuna zipangizo, pa mtengo wonyoza. Kusunga kuli ndi nzeru ngati ana amaisewera pa holide, kapena ngati muli ndi magemu ambiri ogula pa intaneti. Amenewo ndi a akaunti yanu, osati a makinawo, kotero sawonjezera kanthu pa mtengo. Mukasunga, muziiyatsa ola limodzi pamwezi, muchotse pulagi kukhoma chifukwa magetsi akamabwerera atazima amapsereza zinthu, ndipo muiike m'bokosi lotsekeka pamalo ouma, osati pansi.

Mukasankha kugulitsa, musayambe ndi kujambula zithunzi. Koperani kaye pomwe munafika m'magemu anu pa fulashi ya FAT32 kapena exFAT. Kenako lowani mu Settings, pa Account Management, n'kuchotsa makinawo ngati Primary PS4 yanu, kutanthauza PS4 yaikulu ya akaunti yanu. Mukaiwala, mungadzavutike kuika PS4 ina ngati Primary pa akaunti yanu. Mukatero pitani pa Initialization, musankhe Initialize PS4, ndipo mutenge Full osati Quick. Full imatenga maola angapo koma imafufutiratu zonse, pomwe Quick imasiya zinthu zoti wodziwa angathe kuzibweza. Chitani izi nthawi yomwe mukudziwa kuti magetsi sazima, chifukwa zikadukira pakati mungafunike kuikamonso pulogalamu yonse kuchokera pa fulashi. Ndipo tulutsani disiki. Anthu ambiri apereka gemu yaulere mosadziwa.

Wogula wochenjera, makamaka wa shopu yoseweretsa mpira, amayang'ana zinthu zinayi: polowetsa HDMI ngati sipanapindike mano, phokoso la fani gemu ikatha mphindi 20, ngati imameza ndi kulavula disiki bwinobwino, ndi timitengo ta padi ngati sitikuyendetsa wosewera tokha. Yesani zonsezi iye asanafike. Polengeza tchulani nambala ya CUH yolembedwa pa makinawo komanso ngati hard disk ndi ya 500GB kapena 1TB. Padi yachiwiri ndi madisiki otchuka muziikire mtengo wakewake, chifukwa zikaphatikizidwa pamodzi wogula amaziwerengera ngati basela.