Momwe ndinayendera ku Yucatán: mabwinja m'mawa, zitsime masana, gombe pomaliza

Tinatera ku Cancún, m'dziko la Mexico, dzuwa litapendeka, ine ndi achemwali anga, titakhala m'ndege maola oposa 10 kuchokera ku London. Titangotuluka panja, mpweya wotentha unatiwomba kumaso ngati tavundukula mphika wa nyemba uli pamoto. Unali mwezi wa Meyi, ndipo ndineneretu kuti pamenepa tinalakwitsa. Meyi ndi nthawi yotentha kwambiri ku Yucatán. Amene mukukonza ulendowu, sankhani pakati pa Disembala ndi Malichi, mvula italeka ndiponso nyengo ya mphepo zamkuntho, yomwe imayamba mu Juni mpaka Novembala, itadutsa.

Za mapepala sizinatitayitse nthawi. Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Mexico, koma amene ali ndi chilolezo chokhala ku Britain mpaka kalekale, kapena viza ya America yomwe ikugwirabe ntchito, amalowa popanda viza ina. Ife tinalowera pa chilolezo cha ku Britain. Malamulo otere amasintha, choncho funsani ku ofesi ya kazembe wa Mexico musanagule tikiti ya ndege.

Ku Cancún tinangogona usiku umodzi. M'mawa tinakwera basi ya kampani ya ADO kupita ku tauni ya Valladolid, ulendo wa maola awiri ndi pang'ono kulowa kumtunda. Ichi ndicho chinthu chimene tinachita bwino koposa zonse. Alendo ambiri amagona kunyanja, n'kumanyamuka pa mabasi akuluakulu kupita ku mabwinja, ndipo amakafika dzuwa litakwera, atatopa kale. Valladolid ili pafupifupi makilomita 45 kuchokera ku Chichén Itzá, mabwinja a mzinda wakale wa anthu a mtundu wa Amaya, ndipo zitsime zachilengedwe zambiri zosambiramo zili pakhomo penipeni. Musaiwale wotchi: Cancún ndi Tulum zili m'chigawo cha Quintana Roo, chomwe chili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi chigawo cha Yucatán. Mukafika ku Valladolid, mwapindula ola, mukamabwerera, mwaliluza.

Tsiku lotsatira tinadzuka tambala woyamba. Tinakwera minibasi imene kumeneko amati colectivo, ndipo imayenda monga momwe zathu zimayendera: imanyamuka ikadzaza. Geti la Chichén Itzá limatsegulidwa 8 koloko, ndipo ife tinali pamzere isanakwane. Pakhomo pamalipiridwa ndalama ziwiri, ina ya boma la dziko lonse, ina ya chigawo cha Yucatán, ndipo matikiti onse awiri muwasunge. Khalani ndi ma peso, ndalama za ku Mexico, m'manja, chifukwa minibasi, madzi akumwa ndi zogula zing'onozing'ono zimafuna ndalama yooneka.

Kanjira kakutulutsani m'mitengo, ndiye mwadzidzidzi piramidi yotchedwa El Castillo ili patsogolo panu, yotuwa, itaima yokha pabwalo la udzu. Ndi kachisi wa Kukulcán, mulungu wawo wa njoka ya nthenga, ndipo kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 30. Mbali zake zinayi zili ndi makwerero 91 iliyonse. Mukaphatikiza ndi pamwamba pake, akukwana 365, masiku a chaka. Kukwera kunaletsedwa, chingwe chakuzungulira ndipo alonda sanyengerera. Koma chimene chinandigwira mtima si chiwerengerocho ayi. Bambo amene tinawalipira kuti atiyendetse anatiimika patsogolo pa makwerero n'kuwomba m'manja kamodzi. Phokoso linabwerera lili lina, lakuthwa, ngati kulira kwa mbalame. Iwo anati ndi kulira kwa quetzal, mbalame yomwe Amaya ankailemekeza. Achemwali anawomba, ine ndinawomba, ndipo mwala unatiyankha tonse chimodzimodzi. Anatiuzanso kuti m'Malichi ndi m'Seputembala, usana ndi usiku zikalingana, mthunzi umatsika m'mbali mwa makwerero ngati njoka ikukwawa, mpaka kukakumana ndi mutu wa njoka wosemedwa pansi pake.

Bwalo la mpira ndi lalitali mamita 168. Osewera ankamenya mpira wolemera wa labala ndi chiuno, ndipo mphete zamiyala zili m'mwamba m'makoma. M'munsi mwa makomawo muli zosema, ndipo pa chimodzi pali wosewera atagwada, mutu atamudula, njoka zikutuluka m'khosi mwake m'malo mwa magazi. Achemwali anayang'ana nthawi yaitali osalankhula.

Kuchokera pabwalo lalikulu pali msewu wakale wamiyala woyera, wa mamita ngati 300, wokafika pa chitsime chopatulika. Ndi dzenje lozungulira la mamita 60 kuchoka uku kufika uko, makoma ake ali njo, madzi obiriwira ali phee pansi. Dzina loti Chichén Itzá limatanthauza pakamwa pa chitsime cha anthu a Itzá. Muno ankaponyamo nsembe kwa Chaac, mulungu wa mvula, ndipo Edward Thompson, wofufuza wa ku America, atayamba kuvuula zapansi pake mu 1904 anapezamo golide, miyala ya jade, lubani ndi mafupa a anthu, ena a ana. Nditaima pamenepo ndinakumbukira kachisi wa Mbona ku Khulubvi, ku Nsanje. Munthu wolima chimanga, kaya ali kuti, mvula ikachedwa amakhala ndi mantha amodzimodzi.

Apa mpamene ndinamvetsa dzikoli. Kumpoto kwa Yucatán kulibe mitsinje yoyenda pamtunda. Nthaka yake ndi mwala wa laimu, mvula ikagwa imalowa pansi n'kumayenda m'mapanga. Denga la phanga likagwa, madzi amaonekera, ndipo dzenje limenelo ndilo cenote, mawu ochokera m'chilankhulo cha Amaya. Zilipo masauzande. Mizinda yakale inamangidwa pomwe pali zitsimezi, chifukwa kwina kulibe pomwera. Alendo timazitenga ngati posambira, eni ake anazitenga ngati moyo.

Pofika 11 koloko mabasi ochokera kunyanja anali atayamba kukhuthula anthu, dzuwa likuswa mtengo, ife tikutuluka. M'njira monse muli ogulitsa ziboliboli, nsalu zopeta ndi timalikhweru tolira ngati nyalugwe wa kumeneko. Ndinamva amayi awiri akucheza m'chilankhulo chomwe sichinali Chisipanishi, ndipo nditafunsa anati ndi Chimaya. Anthu oposa 700,000 amachilankhulabe. Ndinapita ndi maganizo oti Amaya ndi mtundu womwe unatha kalekale, koma ndi omwewo ankayendetsa minibasi yathu ndi kutiphikira chakudya.

Masana tinapita ku Dzitnup, makilomita ngati 7 kuchokera ku Valladolid, pa chitsime cha X'kekén. Dongosolo lake ndi lofanana pafupifupi paliponse. Mumalipira pakhomo, mumasunga katundu m'kabati yokhoma, kenako mumasamba kaye pa shawa. Musadzole mafuta oteteza kudzuwa kapena othamangitsa udzudzu, chifukwa madzi amenewa ndi omwewo amayenda pansi kukafika m'zitsime za anthu. Malo ambiri amakakamiza kuvala jekete yoyandamitsa, ngakhale mutadziwa kusambira. Valaninso nsapato zosaterera.

Tinatsika makwerero opapatiza, titawerama, dzanja lili pa chingwe chonyowa. Kutsogolo kunali mdima, mpweya wozizira ukukwera kumiyendo. Kenako phanga linatseguka, lalikulu ngati tchalitchi. Kudenga kunalendewera miyala yosongoka, mileme ikuuluka pakati pake, ndipo pa kabowo kamodzi kakang'ono kuwala kwa dzuwa kunatsika chilili n'kugwera pamadzi. Pamene panagwera kuwalapo, madzi anali mbee, obiriwira modera kumtambo, moti miyala ya pansi inkaoneka bwinobwino. Ine ndinakulira ku Salima, kusambira ndinaphunzira m'nyanja yathu ndili mwana, koma apa mtima unagunda. Kunyanja umalowa pang'onopang'ono, mchenga uli kuphazi. Muno ukangochoka pa mwala womaliza, pansi palibe. Ndinagwira chingwe chomwe anamanga modutsa pamadzi, n'kumayenda nacho mpaka mantha atatsika. Timilamba takuda tinkandizungulira m'miyendo, tosaopa munthu. Achemwali anakhala pa mwala, mapazi okha m'madzi. Ndinawaitana kuti, "Achemwali, bwerani, jekete ikunyamulani." Anayankha kuti, "Iwe sambira, ine ndikuonera pompano." Patapita kanthawi ndinangowaona ali pambali panga, atagwira chingwe ndi manja onse awiri, maso ali kudenga.

Ngati muli ndi tsiku lina, pitani ku mabwinja a Ek Balam, kumpoto kwa Valladolid, ulendo wa theka la ola. Kumeneko tinaloledwa kukwera, ndipo anthu anali ochepa. Pakati pa chimango chachikulu pali khomo la manda a mfumu Ukit Kan Le'k Tok', loumbidwa ngati kamwa la chilombo, mano ali ng'aa kuzungulira. Mukafika pamwamba mumangoona nkhalango yathyathyathya mpaka pomwe maso alekezera, popanda phiri ngakhale limodzi. Potsika ndiye pofunika kusamala: makwerero ndi otsetsereka, tsikani cham'mbali. Chitsime cha X'Canché chili pafupi, chotseguka pamwamba, mizu ya mitengo ikulendewera kuchokera kumtunda mpaka kukagunda madzi.

Madzulo amenewo tinadya cochinita pibil, nyama ya nkhumba yonyikidwa m'madzi a malalanje owawasa ndi zokometsera zofiira, yokulungidwa m'masamba a nthochi n'kuphikidwa m'dzenje. Tsabola wake, habanero, ndi m'bale wake wa kambuzi, fungo lomwelo, ukali womwewo. Pambali panali mayi akuumba ma tortilla ndi manja, kuwaphwatalala n'kuwaika pa chiwaya chotentha. Chimanga chake amachiphika ndi laimu, chimagona m'madziwo, m'mawa amachitsuka n'kuchipera chili chonyowa. Chimanga chinayambira ku Mexico komweko chisanafike kwathu, ndipo m'minda yawo amachibzala pamodzi ndi nyemba ndi maungu monga ankachitira agogo athu. Ndinawaonetsa mayiwo chithunzi cha nsima pa foni. Anachiyang'anitsitsa, n'kuloza mtanda wawo, n'kugwedeza mutu.

Gombe tinalisiya pomaliza, ndipo ndikulangizani kutero, chifukwa miyendo imakhala itafuna kupuma. Basi ya ku Tulum imatenga maola osakwana awiri. Mabwinja a ku Tulum ndi aang'ono, koma ali pa thanthwe la mamita 12 pamwamba pa nyanja ya Caribbean, atazunguliridwa ndi linga mbali zitatu. Linali doko la amalonda a mabwato, ndipo Asipanishi a ulendo wa Juan de Grijalva analiona ali m'nyanja mu 1518, mukukhalabe anthu. Mthunzi ndi wosowa, choncho pitani m'mamawa ndi chipewa. Abuluzi akuluakulu otchedwa iguana amawothera dzuwa pamiyala, osasuntha.

Kugombe ndiko kunatipweteka mtima. Mchenga woyera uja unali utakutidwa ndi ndere zofiirira za m'nyanja zotchedwa sargazo, zitaunjikana mpaka m'mawondo, zikununkha ngati mazira owola. Zimakonda kubwera kuyambira cha mu Epulo mpaka kumapeto kwa nyengo yotentha, ndipo zakhala zikuchuluka m'nyanjayi kuyambira 2011. Anyamata ankazikokola ndi mafoloko n'kumazituta pa mawilibala, mafunde akubweretsa zina kumbuyo kwawo. Woyendetsa takisi wina anatilipiritsanso ndalama yambiri pa kamtunda kochepa, chifukwa sitinagwirizane mtengo tisanakwere. Yambani mwafunsa, kapena bwerekani njinga.

Mayi wa pamalo omwe tinagona ndi amene anatipatsa nzeru. Ndere zimabwera kuchokera kummawa, choncho magombe oyang'ana kumadzulo amakhala oyera. Tinakwera minibasi kupita ku Playa del Carmen, kenako sitima yapamadzi ya mphindi ngati 45 kuwolokera ku chilumba cha Cozumel. Kumadzulo kwa chilumbacho madzi anali bata, oyera mpaka pansi. Tinabwereka magalasi osambirira, ndipo pamtunda wa mamita ochepa chabe kuchokera kugombe tinaona nsomba zamizeremizere, zachikasu ndi zabuluu, zikudya m'matanthwe ngati mbuna za ku Cape Maclear. Achemwali anameza madzi pang'ono, anadzuka akutsokomola chifukwa cha mchere, anapukuta kumaso n'kubwezeretsa magalasi. Tinatuluka m'madzimo zala zitachita makwinya, n'kuthamangira sitima yamadzulo zovala zisanaume.