Kuzama kwa ngalande ya paipi kuno ku England

M'kalasi mwathu la upulambala mwezi uno tili pa paipi imene imachoka kumsewu kukalowa m'nyumba, ndipo nambala ziwiri zandikhazikika m'mutu: 750 ndi 1,350. Malamulo a zamadzi a mu 1999, omwe amagwira ntchito ku England ndi ku Wales, amati paipi imeneyi ikwiriridwe mozama mamilimita osachepera 750, koma osapitirira 1,350.

Kwathu ku Malawi timakwirira paipi poopa khasu, matayala a galimoto, dzuwa ndi akuba. Kuno mdani wamkulu ndi chisanu. Nthaka imayamba kuzizira pamwamba, kuzizirako n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka pamene kwalekera, ndipo pansi pa malire amenewo madzi saundana. Ntchito ya wokumba ndi kuika paipi kunsi kwa malirewo, basi.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi momwe paipi imaphulikira. Madzi akaundana amakula ndi pafupifupi 9 peresenti, koma kawirikawiri paipi siphulikira pamene pali ayisi. Ayisiyo amatseka njira ngati chitsekerero cha botolo, akamakula n'kumakankha madzi amene atsala pakati pa iye ndi mpopi wotseka. Madzi sachepa kukula ngakhale apanikizidwe chotani, ndiye amang'amba paipi pamalo ofooka. Mwini nyumba sadziwa kanthu mpaka kunja kutafunda. Ndi zomwe zinachitika ku Northern Ireland mu Disembala 2010: chisanu chitangotha, mapaipi anayamba kudontha paliponse, ndipo nyumba pafupifupi 40,000 zinakhala zopanda madzi.

Nambala ya 750 sigwira ntchito m'mayiko onse. Mumzinda wa Winnipeg ku Canada, mu 2014 nthaka inaundana kupitirira mamita awiri, moti mapaipi a nyumba zina anali adakali otsekeka mu Juni. Chodabwitsa n'chakuti pansi pa msewu pamaundana mozama kuposa pakapinga, chifukwa pamsewu amachotsapo sinoo (madzi oundana ofewa amene amagwa ngati mvula), pomwe sinoo yemweyo ndi amene amafunditsa nthaka. Ku Inuvik, kumpoto kwenikweni kwa dzikolo, nthaka ya pansi sisungunuka chaka chonse, ndiye mapaipi ambiri amadutsa pamwamba, m'mabokosi otchinga kuzizira.

Malire a 1,350 aja ndi oganizira munthu amene adzabwere kudzakonza. Ngalande yozama kwambiri ndi yovuta kufukula, komanso makoma ake akagumuka amapha munthu. N'chifukwa chake dothi lofukulidwa sitiliunjika m'mphepete mwenimweni. Pansi timayala mchenga kuti miyala isaboole paipiyo, yomwe imakhala yabuluu, ndipo pokwirira timaikamo tepi yochenjeza wodzakumba m'tsogolo.

Kwa ine, mayeso enieni a pulambala sali m'ngalande ayi, ali pamene paipi ikukwera kulowa m'nyumba. Munthu akhoza kukumba bwinobwino kuchokera kugeti, koma pofika pamaziko paipi iyenera kukwera basi, ndipo chisanu chimaidikirira pomwepo. Timailowetsa m'paipi ina yaikulu, n'kutseka kumapeto konse kuwiri kuti musalowe mpweya kapena makoswe. Ikatulukira pafupi ndi khoma lakunja, kapena ikadutsa pansi pa nyumba pamene pamayenda mphepo, iyenera kukutidwa ndi chotchinga kuzizira. Sabata ya mawa aphunzitsi akationetsa kukula kwa chotchingacho molingana ndi paipi ya mamilimita 25, yomwe ndi imene imalowa m'nyumba zambiri kuno.