Lachiwiri ku ofesi yolembetsera ma deed ku Dallas

Records Building, 500 Elm Street. Pofika 9 koloko m'mawa mzere unali utayamba kale ku ofesi ya County Clerk, kalaliki wa county (dera) ya Dallas ku Texas, kumene amalembetsa ma deed, mapepala osamutsira umwini wa nyumba kapena malo. Makampani a title, amene amafufuza umwini wa nyumba ndi kupereka inshuwalansi yake, masiku ano amatumiza mapepala awo pa intaneti, kotero obwera ndi envulopu m'manja ndi anthu wamba: kholo lopatsa mwana nyumba, wamasiye, pachibale pogulitsana.

Oyamba kubwezedwa anali bambo ena achikulire. Deed yawo inalembedwa bwino, koma anabweretsa fotokope, yeniyeni ataisiya kunyumba poopa kuti ingatayike. Fotokope salandira. Siginecha ya wopereka nyumba iyenera kukhala yeniyeni, ndipo pansi pake pakhale mawu a notary, munthu wololedwa ndi boma kuchitira umboni siginecha, otsimikiza kuti munthuyo anaonekera pamaso pake, tsiku lake ndi chidindo. Mantha awo analinso opanda chifukwa, poti pepalalo amangolidinda, nkulijambula, nkulibweza kwa mwini wake.

Mtengo ndi $25 tsamba loyamba ndi $4 tsamba lililonse lotsatira, ndiye deed ya masamba 3 ndi $33. Texas ilibe msonkho wosinthira umwini wa nyumba monga zilili m'madera ena a America. Ndalama zimakwera pa tinthu ting'onoting'ono. Mayi ena anaiwala kulemba adiresi ya wolandira nyumba, ndipo cholakwa chimenecho chili ndi chindapusa chosachepera $25. Pepala lisapitirire mainchesi 8.5 m'lifupi ndi 14 m'litali, zilembo zisachepere 8 point, dzina lilembedwe momveka pansi pa siginecha. Tsamba lophonya izi limalipiridwa kawiri. Chiphaso chokhala ndi chithunzi musachisiye.

Koma deed yodetsa nkhawa lero sinali mwa zobwezedwazo. Inalandiridwa. Mnyamata wina anakopera fomu pa intaneti, ndipo pamalo ofotokozera malowo anangolemba nambala ya nyumba ndi dzina la msewu. Kalaliki anawerenga masamba, kulandira ndalama, kudinda. Sanalakwe. Ntchito ya ofesiyi ndi kusunga pepala ndi kulemba mayina mu kaundula, osati kufufuza ngati zolembedwazo zili zoona kapena ngati wosainayo ndi mwinidi nyumba. Anthu ambiri amatuluka muno akuganiza kuti boma lawatsimikizira umwini, pamene boma langochitira umboni kuti pepala lakutilakuti linafika tsiku lakuti, nthawi yakuti.

Malo amafotokozedwa ndi nambala ya lot (poloti), nambala ya block (gulu la mapoloti), dzina la subdivision (dera logawidwa mapoloti), ndi volume ndi tsamba pamene mapu ake anasungidwa m'kaundula wa county. Mawu amenewa akopedwe chilembo ndi chilembo kuchokera pa deed yapitayo. Osawatenga pa risiti ya msonkho wa nyumba, chifukwa kumeneko amawadula kuti akwane pamzere. Lot 12 ikalembedwa Lot 21, palibe amene adzaone lero. Zidzatulukira patapita zaka, pogulitsa nyumbayo kapena potenga ngongole, a title akadzakana kupereka inshuwalansi. Nthawi imeneyo wopereka uja mwina anasamuka, mwina anamwalira, ndipo kukonza cholakwa chachikulu kumafuna siginecha ya mbali zonse kapena olowa m'malo awo. Ola limodzi la loya lero ndi lotchipa kutali.

Masana kunabwera mwamuna wina yekha ndi deed yogulitsira nyumba imene amakhalamo ndi mkazi wake. Ku Texas nyumba yokhalamo banja sigulitsidwa popanda siginecha ya onse awiri, ngakhale dzina la pa deed yakale litakhala la mmodzi. Abale athu a ku Malawi okhala kuno, apa ndi pamene timakodwa kawirikawiri, mmodzi akakhala kuti ali kumudzi. Njira ilipo: akhoza kukasainira pamaso pa ofisala wa ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, pepalalo nkulitumiza kuno. Texas imalolanso notary wa pa intaneti kuyambira 2018.

Za mtundu wa deed wotchedwa quitclaim ndinene mwachidule: ipeweni. Imangopereka chilichonse chimene wosainayo angakhale nacho, ngakhale atakhala kuti alibe kanthu, ndipo a title kuno saikhulupirira. Pachibale pomwe, general warranty deed kapena special warranty deed, momwe wopereka amalonjeza kuteteza umwini umene akupereka, ndi yabwino. Nyumba ikakhala ndi ngongole, deed yatsopano siichotsa. Werengani kaye deed of trust, pepala loikira nyumba chikole cha ngongoleyo, poti zambiri zimapatsa banki mphamvu yofuna ndalama zonse umwini ukasintha.

Chakumadzulo mayi ena anatulutsa deed imene inasainidwa chaka chatha, nkukhala m'kabati. Pakati pa iwo ndi wowagulitsa pepalalo linali ndi mphamvu kale. Koma gawo 13.001 la Property Code, lamulo la Texas la za malo ndi nyumba, limati deed yosalembetsa ilibe mphamvu pamaso pa wokongoza kapena wogula wina amene analipira asakudziwa za iyo. Miyezi yonseyo nyumba inali poyera: wogulitsayo akanaigulitsanso, kapena amene anamukongoza ndalama akanaikapo lien, kugwira nyumbayo ngati chikole cha ngongole. Tsiku ndi nthawi zodindidwa pamodzi ndi instrument number, nambala imene ofesi imapatsa pepalalo, ndizo zimadula mlandu wotere, choncho deed ilembetsedwe tsiku lomwe yasainidwa, mu county mmene muli malowo.

Asanatuluke anagula kope yotsimikizika, $5 kuphatikizapo $1 pa tsamba. Zawatsalira ziwiri. Akaone ngati dzina lasintha ku Dallas Central Appraisal District, ofesi yoika mtengo wa nyumba powerengera msonkho, ndi kupereka fomu 50-114 yochepetsera msonkho wa nyumba yokhalamo, poti chochepetsa cha mwini wakale sichisamukira kwa watsopano. Alembetsenso dzina lawo pa property fraud alert, yomwe ndi yaulere ndipo imatumiza uthenga pepala lililonse likalembetsedwa m'dzina lawo.