Magalimoto akale a asilikali m'matope a ku Beni

Anthu kuno ku Mangochi akamva kuti ndinali makaniko m'gulu la asilikali a Malawi amene anakasungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo, amafunsa za mfuti ndi zigawenga, koma chimene chinkatiphera magalimoto kumeneko chinali madzi ndi matope. Tinali pansi pa Force Intervention Brigade, gulu limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2013 ndi asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa, ndipo tinkagwira ntchito m'dera la Beni, m'chigawo cha North Kivu, kumene mvula siisowa ndipo misewu yambiri ndi yopanda phula.

Dziko lotumiza asilikali limapita ndi magalimoto ake n'kumawakonza lokha, ndipo United Nations imabweza ndalama potengera zimene oyendera ake apeza kuti zikugwira ntchito. Motero galimoto yokhala pa miyala imatayitsa dziko ndalama, komanso imachepetsa maulendo olondera midzi.

Amene ndinkawakonda kwambiri anali ma Land Cruiser a injini ya 1HZ, ya dizilo, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, yopanda turbo komanso yosadalira kompyuta. Ndi yaulesi pa chitunda, koma ikakana kulira munthu amalipeza vuto ndi sipanala, maso ndi makutu. Land Rover Defender ya injini ya 300Tdi imayenda mofewa m'makumbi chifukwa cha masipuling'i ake opiringizika, koma imafuna kuinyengerera, ndipo fakitale ya ku Solihull, ku England, inasiya kupanga Defender wakaleyo mu Januwale 2016.

Vuto limene madalaivala ambiri salidziwa limayambira mu difu, bokosi la magiya lokhala pakati pa matayala awiri limene limawagawira mphamvu ya injini. Galimoto ikayenda mtunda wautali difu imatentha, ndipo ikalowa mwadzidzidzi m'madzi ozizira a mumtsinje mpweya wa mkati mwake umaphwa, n'kukoka madzi kudzera pa kabowo kopumira kapena pa masilu (timalabala totchinga oyilo) otha. Dalaivala samva kanthu tsiku limenelo, ngakhale sabata yotsatira. Mukamasula bawuti yokhetsera, oyilo amatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, ndipo mukachedwa mabering'i ndi mano a difu amakhala atadyeka kale. Mankhwala ake ndi otchipa modabwitsa: timalumikiza kapaipi ka labala pa kabowo kopumira n'kukakweza mpaka pamwamba pafupi ndi injini, ndipo timachita chimodzimodzi pa giyabokosi. Ngakhale titatero, galimoto iliyonse yowoloka mtsinje wakuya inkayenera kufika ku galaja madzulo omwewo, dalaivala afune asafune, kuti tione oyilo ndi kupopera girizi pa shafuti.

Matope nawo akauma pa radiyeta amatseka mpweya ndipo injini imatentha, ndipo akalowa m'madiramu a mabuleki akumbuyo amapala mashu n'kumanga handibuleki. Dizilo wosungidwa m'migolo kumalo achinyezi chotero amakhala ndi madzi pansi, n'chifukwa chake ntchito yoyamba m'mawa inali kukhetsa madzi pa fyuluta injini isanalizidwe.

Kudzutsa galimoto yakufa ndiye kumene kumafuna mutu. Masipeya amachokera kutali ndipo amatenga nthawi, choncho nthawi zina akuluakulu ankalola kuti pa magalimoto awiri owonongeka tipangepo imodzi yoyenda, bola chitsulo chilichonse chochotsedwa chilembedwe m'buku, chifukwa popanda buku galimoto yodikira pampu imodzi yokha imasanduka chigoba pa mwezi umodzi. Ndinkayamba ndi chesisi, makamaka pa Defender, imene bodi yake yambiri ndi ya aluminiyamu ndipo imaoneka bwino pamene chitsulo cha pansi chikudyeka ndi dzimbiri. Kenako ndinkaona mabuleki, chiwongolero ndi mawaya. Pa magalimoto a mavoti 24, amene amayendera mabatire awiri olumikizana, ndinkaumirira kuti onse awiri asinthidwe limodzi, popeza batire yakale imafooketsa yatsopano. Penti yoyera ndi zilembo zakuda za UN zinkabwera pomalizira penipeni.

Ma Land Cruiser amene amabwera ku galaja yanga pano, makamaka a matola ndi a ogula nsomba oyenda msewu wa ku Makanjira m'nyengo ya dzinja, amadwala matenda omwewo, kungowonjezapo mchenga wa kunyanja umene umadya mabushi ndiponso kutentha kwa Okutobala kumene kumayesa radiyeta pokwera phiri la ku Namwera. Eni ake ambiri amafuna ndiyambe ndi penti ndi mipando, koma ine sindinena mtengo wa ntchito ndisanalowe pansi kukagogoda chesisi ndi hamala ndi kumasula bawuti ya difu yakutsogolo ndi yakumbuyo yomwe.