Nthenda yothawa ikaona dokotala

Pabanja pathu katswiri wa mafoni ndine. Udindowu sindinachite kupempha, unangondigwera tsiku lomwe foni ya apongozi anga inasiya kulira. Ndinangokweza voliyumu, basi, koma ndinaisunga masiku awiri ndisanaibweze kuti aziti ntchito inali yaikulu. Kuyambira pamenepo aliyense foni ikamuvuta amauzidwa kuti, "Kawaonetseni alamu." Ine ndimalandira ndi nkhope ya dokotala.

Mwana wathu atayamba kuimirira chogwirira mipando, ndinalumbira kuti tsiku loponya phazi loyamba silidutsa osajambulidwa. Koma munthu ungagwire bwanji foni uku manja onse watambasula kuti mwana agweremo? Nzeru inabwera usiku. Pansi pa bedi panali kompyuta yakufa; ndinaiphwasula n'kuchotsa kamaginito ka mu hard disk, chija chosungira mafayilo. Amene anatsegulapo chinthu chimenechi akudziwa kuti timaginito take n'tating'ono, koma tikakupana chala umaitana amayi ako. Ndinakamata ndi guluu mkati mwa kava ya foni, m'munsi pang'ono mwa kabowo ka kamera, kenako ndinagunditsa foniyo pachitseko cha firiji. Phaa, inakakamira. Nditayatsa kamera yakutsogolo, ija yodzijambulira wekha, chipinda chonse chinaoneka mbee. Ndinaitana mayi a mwana kuti adzaone mtundu wa mwamuna amene anakwatiwa naye.

"Mwachita bwino," anatero, osacheuka n'komwe.

Mwana sanayendere kufupi ndi firiji. Ana sasunga pangano. Anayendera pabalaza, Loweruka masana: anasiya mpando n'kulunjika kwa mayi ake, dzandidzandi. Ndinasolola foni m'thumba, kamera yakumbuyo, dinu. Mapazi asanu onse amene anaponya ndinawajambula. Titakhala pansi kuti tionere, tinapeza kanthu kofiirira kakuyandama mu nkhungu ngati mzukwa wamanyazi. Mawu okha ndiwo anamveka bwino, makamaka anga, ndikukuwa ngati ndine ndayamba kuyenda.

Wolakwa ndinam'peza msanga, ndipo anali mwana yemweyo. M'mawa wa tsikulo ndinam'pezerera akuyamwa ngodya ya foni, dovu lili chuchuchu. Mlandu unathera pomwepo, wopanda mboni.

Ndinayamba ndi zomwe ndimauza ena. Zithunzi zambiri zachimbuuzi zimabwera chifukwa cha mafuta a m'zala pagalasi la kamera, izi ndiye n'zoona, ndipo ndachiritsa nazo mafoni ambiri. Ndinapukuta ndi malaya, kenako ndi kansalu kopukutira magalasi a m'maso. Nkhungu ili pompo. Ndikagunda pa sikirini kuti kamera ilunjike pa chinthu chimodzi, kabokosi kankabwera, chithunzi n'kuyera pang'ono ngati chikufuna kundimvera, kenako n'kubwereranso m'chifunga. Nditaika khutu pafupi ndinamva kaphokoso, tsiii, ngati udzudzu watsekeredwa m'botolo.

Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Ndinalowa mu Settings, kupita pa Apps, kupeza Camera, kudina Force stop kuti kamera itsekeke mokakamiza, kufufuta cache, tizinyalala tomwe pulogalamu imasunga ikamagwira ntchito. Ndinaiyatsa mu safe mode, momwe foni ya Android imadzuka ndi mapulogalamu ake obadwa nawo okha, kuti ngati pali pulogalamu ina yomwe ndinaikamo ikusokoneza, ionekere poyera. Palibe inaonekera. Ndinatsitsa update yomwe ndinakhala ndikuizemba miyezi itatu, inameza data yanga yonse n'kundisinthira maonekedwe a wotchi. Kamera osasintha. Ndinaikamo pulogalamu ina yojambulira, nayo inaona nkhungu yomweyo, kungowonjezerapo zotsatsa malonda.

Pa chilichonse chomwe ndayesa ndinkajambula mwendo wa tebulo n'kutumizira mlamu wanga pa WhatsApp kuti andiuze ngati zasinthako. Atalandira chithunzi cha 20 anayankha kuti, "Alamu, kodi tebuloli mukugulitsa?"

Zizindikiro zinalipo, ndisaname. Kamera yakutsogolo inkaonetsa nkhope yanga bwinobwino, mpaka mitsempha ya mkwiyo pachipumi. Kumbuyo komweko, ndikadina 0.5 ija yotenga malo aakulu, chithunzi chinkatuluka chakuthwa. Ndikabwerera pa 1, nkhungu. Ine ndinamasulira kuti dovu linalowa diso limodzi. Sabata yomweyo kamuvi ka pa Google Maps kankaloza kumbuyo ine ndikupita kutsogolo, ndipo ndinati ndi netiweki.

Usiku wachitatu ndinaonera vidiyo ya munthu wina wolankhula mwachidaliro, akupaka mankhwala otsukira mano pagalasi la kamera. Munthu ukathedwa nzeru, aliyense wolankhula mwachidaliro amaoneka mneneri. Ndinafinyira kadontho pa chala n'kuyamba kutikita mozungulira, mofatsa, monga anachitira iye. Mayi a mwana anandipeza ndili pa ntchitoyi, anaima pakhomo la bafa nthawi ndithu.

"Bambo a mwana, foni yayamba kununkha m'kamwa?"

Sindinayankhe. Katswiri sayankha mafunso otere. Foni inatuluka ikununkhira bwino kwambiri, ndipo inajambula mwendo wa tebulo mu nkhungu yomwe ija.

Panatsala chida chimodzi, chachikulu, chomwe timachitchula motsitsa mawu: factory reset, kufufuta zonse kuti foni ibwerere mmene inachokera kufakitale. Chala chili m'mwamba, mayi a mwana anafunsa, "Zithunzi za mwana mwasunga pena?"

"Zonse zili ku Google Photos," ndinatero, ndi mawu a munthu amene akuyankha mwana wa sukulu. Foni nayo inandifunsa ngati ndatsimikiza. Inandiuza mwachimvekere kuti zonse zifufutika. Ndinadina.

Chimene ndinaiwala n'chakuti backup, yomwe imatumiza zithunzi kukasungidwa ku Google, ndinaizimitsa ndekha kalekale, pofuna kupulumutsa data. Foni itadzuka n'kulowetsamo akaunti yanga, chithunzi chomaliza chomwe Google inandisungira chinali cha tayala lakuphwa, chojambulidwa mwana asanabadwe. Chaka chathunthu cha mwana, kuyambira tsiku lotuluka m'chipatala, chinapita. Zinapulumuka ndi zokhazo zomwe ndinatumizirapo mayi ake pa WhatsApp, zomwenso WhatsApp imazifinya kuti zichepe, ndi zithunzi 20 za mwendo wa tebulo zomwe zinali bwinobwino mufoni ya mlamu wanga.

Ndinatsegula kamera. Nkhungu.

M'nyumba munagwa bata loopsa. Mayi a mwana sanakalipe. Anangoti, "Safunsa anadya phula," n'kuzimitsa getsi.

M'mawa mwake ndinanyamula manyazi anga kupita kwa wokonza mafoni, mnyamata woti ndikanatha kumubereka. Ndinamufotokozera mbiri yonse ya matenda, ndikutchula cache ndi safe mode mokweza kuti adziwe kuti akulankhula ndi mnzake wa ntchito. Iye anangoti, "Tione, bwana." Anasolola foni mu kava monga amachitira ndi foni iliyonse, kava n'kuiponya pa mpando, n'kutsegula kamera. Analoza chala chake. Pa sikirini panaoneka mizere yonse ya khungu, mpaka kadothi ka m'chikhadabo. Analoza kunja, ndinawerenga nambala ya galimoto yomwe inali kutsidya kwa msewu.

"Bwana, vuto ndi liti kwenikweni?"

Ndinati zinthu zina zimachira mochedwa, mwina reset ija yangoyamba kumene kugwira ntchito. Anandiyang'ana mwaulemu umene anthu amayang'anira munthu wodwala mutu. Ndinabweza foni mu kava, kuithira m'thumba, ulendo wa kunyumba ndikuimba kamluzu. Ndinalowa ndi chilengezo chakuti zatheka, ndinaimika banja lonse pakhoma kuti ndilijambule. Mizukwa iwiri, waukulu utanyamula waung'ono.

Tsiku lotsatira ndinabwereranso. Ulendo uno ndinakana kumupatsa foni m'manja. Ndinati ndijambula ndekha iye akuona, chifukwa nthendayi imathawa ikaona dokotala. Ndinajambula, nkhungu inabwera, ndipo ndinasangalala ngati ndawina mlandu kukhoti. "Mwaonatu! Mwaona!" Kenako ndinaika foniyo pa tebulo lake, pafupi ndi kambale komwe amasungiramo timasikuluwu ta foni ina yomwe anali ataitsegula.

Timasikuluwu tinanyamuka. Ndikunena zoona, tinachita kudumpha, tiwiri, titatu, kenako gulu lonse, n'kukakamira kumsana kwa foni yanga ngati nyerere. Mnyamata uja anayang'ana timasikuluwu take, anayang'ana ine, anatembenuza foni, anavula kava pang'onopang'ono. Kamaginito kanga kanali pomwepo, kali phee mu guluu wake.

"Ichi n'chiyani, bwana?"

"N'cha pa firiji."

Anatseka pakamwa ndi dzanja. Mapewa okha ndiwo ankagwedezeka. Atapezanso mpweya anatenga kamera yakufa m'kabati, kanthu kochepa ngati chikhadabo, n'kundionetsa ndi kopanira. Galasi la mkati, anatero, silinamatiriridwe malo amodzi. Limakhala m'kati mwa kawaya kokulungidwa, ndipo m'mbali mwake muli timaginito take. Magetsi akadutsa m'kawayako, galasi limasendera kutsogolo kapena kumbuyo, mtunda wosakwana ndi milimita imodzi yomwe, ndipo kusendera kumeneko ndiko kumachititsa kuti chithunzi chikhale chakuthwa. Mafoni ambiri alinso ndi OIS, pomwe galasi limachita kulendewera kuti dzanja likanjenjemera ilo lisunthire mbali ina n'kubweza kunjenjemerako. N'chifukwa chake foni yabwinobwino ukaigwedeza kamera ili yozimitsa umamva kanthu kakuchita gobedegobede, ndipo anthu amabwera nayo akulira kuti yathyoka mkati. Tsono kuti foni idziwe pomwe galasi lafika, imadalira timasensa tomva mphamvu ya maginito.

"Ndiye inu mwabweretsa chimaginito chachilendo n'kuchikhazika pakhomo penipeni. Galasi likokedwa uku, sensa ikunamizidwa uko. Phokoso munkamva lija ndi kamera ikulimbana nacho."

Ndinafunsa, ndi kamawu kotsalira ka ukatswiri, chifukwa chomwe yakutsogolo ndi ya 0.5 sizinadwale. Anati pa foni ngati yangayi makamera awiriwo alibe chosuntha, galasi lawo linakhazikika malo amodzi, ndiye maginito alibe choti akoke. Kamuvi ka pa mapu nako kamatsogoleredwa ndi kampasi ya mufoni, yomwe imamvera maginito aliwonse ali pafupi. Anawonjeza kuti ndili ndi mwayi, chifukwa maginito ukawachotsa kamera imabwerera mwakale. Zomwe zimapheratu ndi kunjenjemera kwa injini. Ngakhale a Apple anachenjeza mu 2021 kuti kumangirira iPhone pa njinga yamoto ya injini yamphamvu kungawononge OIS.

Kenako anapendeketsa foni pansi pa nyali yake, anasinzinira diso limodzi, ananunkhiza.

"Nanga apa munapakapo chiyani?"

Ndinati palibe.

"Bwana, pakumveka kafungo."

Anandionetsa pa galasi lokuzira zinthu: timizere tosaoneka ndi maso, tozungulira bwinobwino, ndendende mmene chala changa chinkayendera. Mankhwala otsukira mano amakhala ndi timchenga tosalala tokwechera mano, ndipo tinakwecha utoto wopyapyala wosaoneka womwe amakutira nawo galasilo. Masana sizioneka. Usiku, getsi lililonse lomwe ndajambula limatuluka ndi mchira.

Sanandilipiritse. Anati kuseka komwe waseka kwakwanira, anangopempha kuti ajambule kava ija. Anaijambula ndi foni yanga yomwe, ndipo chithunzi chinatuluka chokongola zedi, guluu akuoneka mpaka timathovu take.

Kava ija ili pa firiji mpaka lero, yopanda foni, yapanikiza khadi la kusikelo la mwana. Ntchito imeneyo ikuigwira bwino, ndipo palibe amene wandiyamikirapo. Mwana pano akuthamanga, moti zithunzi zake zambiri n'zachimbuuzibe, koma tsopano mlandu ndi wa miyendo yake. Ndinawachonderera mayi a mwana kuti nkhaniyi ithere m'nyumba, iwo anati asauze munthu. Sabata yatha foni ya apongozi inasiyanso kulira. Ndinamva mochedwa, atapita nayo kale kwa kamnyamata ka aneba ka zaka 12, ndipo kanaibweza tsiku lomwelo.